Akwecha mpando wa bambo ndi mchenga

Mwaswera bwanji nonse. Ine kuno kwa Nsaru mtima ukundiwawa.

Paja Loweruka kuli chinkhoswe cha mng'ono wathu Tamanda. Achimwene a Yohane afika m'mawa kuchokera kutauni, kungolowa m'nyumba mwa amayi n'kuyamba kunena kuti mipando yada, tichita manyazi pamaso pa akuchimuna. Ndawauza kuti mpando wa malemu bambo ausiye, ndiupukuta ndekha ndi kansalu konyowa monga ndimachitira. Kenako ndapita kuchigayo.

Pobwera ndaupeza uli padzuwa. Aukwecha ndi mchenga ndi phulusa ngati poto. Mpando wa mlombwa uja wayera mbuu, thabwa lokhalira lija mpaka lang'aluka.

Koma chandipweteka kwambiri ndi poika manja paja. Mukukumbukira mmene panadera ndi phula la fodya, bambo akachoka kuchigafa n'kufikira kukhala osasamba m'manja? Zala zawo zinkaoneka bwinobwino. Amayi amagwira pomwepo akamapemphera. Lero palibe chatsala.

Ndawafunsa achimwene, akuti, "Iwe, linali litsiro basi. Ndigula vanishi tiupake uwale."

Amayi sanakalipe. Angousisita mpandowo n'kukakhala pamkeka. Achimwene amvekere, "Amayi, khalani apa, payera tsopano." Amayi ayankha kuti, "Ayi mwanangu, sindikhala pampando wa eni."

Amalume, inuyo mukuti bwanji? Ine ndikatsegula pakamwa ndiwononga chinkhoswe cha mwana. Kodi vanishi wawoyo abweza zala za bambo?