Maenvelopu Awiri a Mariamu

Sabata ino ndachita manyazi, owerenga anga, ndipo ndati ndiulule ndekha anthu a pa Boma asanandiululire.

Sukulu ndinalekezera sitandade 4. Chingerezi changa ndinachitola m'nyuzipepala zakale zimene Che Saidi amakulungira sopo m'sitolo mwawo. Nchifukwa chake kalata ikakhala yovuta amaitana ine, nane ndimapita nditatukula chifuwa.

Lolemba anandiitana. Mwana wawo wamkazi, Mariamu, wapeza malo kuwiri: ku koleji ya ku Blantyre kukaphunzira zamalonda, ndi ku yunivesite ya ku Lusaka, kumene akaphunzire utolankhani.

"Lembani, a Mbewe," anatero bambowo. "Ku Blantyre tavomera. Ku Lusaka zikomo, sitibwera."

Ndinalemba mokongola. Kenako, ndili kalikiliki kuwatanthauzira mawu aatali amene ndinaikamo, ndinasinthanitsa maenvelopu. Kalata yovomera ndinaiika mu envelopu ya ku Lusaka, yokana mu ya ku Blantyre. Mariamu anawatenga osamata kupita nawo ku positi.

Positi ndi pafupi, koma anabwerako dzuwa litapendeka. Anandipeza kwathu.

"Amalume, mwasinthanitsa."

Ndinagwira pakamwa. "Mwanangu, wandipulumutsa! Nanga unachedwa kuti?"

"Ndinaima pa bokosi pomwepo. Ndimati ndingomata ndiponye. Mlandu ukanakhala wanu."

Anaseka, koma maso ali ofiira.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti Lolemba lija tinali atatu m'sitolo muja, koma tinayankhula awiri. Mwini ulendo anali kuyeza mchere kuseri kwa kauntala. Palibe anamufunsa.

Kodi si mmene timachitira ambirife? Mwana timamutumiza kusukulu kuti akaphunzire kuganiza, ndiye tsiku loti aganize likafika timati akhale chete, akuluakulu akukambirana.

Che Saidi sindikuwanena. Sitolo ija anaiyamba ndi thebulo limodzi pansi pa mtengo wa mango, ndipo amafuna wodzaigwira bwino. Komanso ali ndi mantha a kholo. Ananditsitsira mawu kuti, "Ntchito yofunsa mafunso, a Mbewe, mukuidziwa." Ndikuidziwa. Inunso mukuidziwa. Ndipo Lusaka ndi dziko lina, ngakhale ife a kuno timaiwala zimenezo popeza theka la azakhali athu ali ku Chipata.

Komabe mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndipo mwana amene wagwira m'manja njira yopezera chimene akufuna mwakachetechete, n'kuibweza chifukwa si yoona, ameneyo sangadalirike kusankha yekha? Ine pa msinkhu wake ndikanamata ndi malovu ambiri.

Lachiwiri m'mawa ndinapita kusitolo, makalata m'thumba, kukaulula zonse, ndi za pa bokosi zomwe. Ndinayembekeza kuti ntchito yanga ya ulembi yathera pomwepo, nyuzipepala zaulere nazonso.

Che Saidi anayamba kupukuta sikelo imene inali yoyera kale. Anayang'ana mwana wawo, amene amapanga ngati akukonza zitini pashelefu.

"A Mbewe," anatero, "zaka zonsezi mwandilembera makalata osalakwitsa, ndipo palibe imodzi inandiuza kanthu. Tengani pepala lina. Mariamu, siya zitinizo, bwera kuno. Unene ndiwe. Koma maenvelopu, a Mbewe, musawakhudze."