Mapazi 105 a Bambo Pemphani

Timu yathu ya Nyundo Stars inayamba mu 1996, akalipentala a ku Mchesi atatopa ndi kumangokangana za mpira wa pawailesi. Anapeza malo ku Chipasula, koma tepi ya kalipentala ndi yaifupi, ndipo panalibe wofuna kuwerama tsiku lonse. Apa m'pamene Pemphani Chadza, kalipentala wamiyendo ngati nsungwi, ananena kuti iye akaponya phazi kamodzi ndi mita ndendende. Anayambira pamtengo wa mango, nawerenga mapazi 105, pomwepo n'kuzika golo.

Ntchito inakhala yawo mpaka lero. Chaka chilichonse mvula imafufuta mizere, chiswe n'kudya magolo a bulugamu, ndiye Bambo Pemphani amayambiranso pamango paja, chitini cha laimu kumanja. Akamawerenga salankhulitsidwa. Tcheyamani wina anayesa kuwapatsa moni ali pa 60, anabwerera kukayambira pa 1, tcheyamaniyo ataimitsidwa padzuwa ngati mwana wasukulu.

Makochi asintha kasanu ndi kawiri, mayunifomu atuwa, koma pakhomo sitinkagonja wamba. Alendo akamenya mpira wautali unkangogwera m'mabenchi a amayi ogulitsa kuseri kwa golo. Ankatinena kuti tinakwirira mankhwala pasenta. Ife sitinkakana, chifukwa kuopedwa n'kokoma.

Chaka chatha tinakwera ligi yachigawo. Akuluakulu a ligi anati bwalo liyezedwe kaye, likapanda kukwana tizikasewerera kwina, kutali ndi anthu athu. Anatumiza mayi wina dzina lake Monalisa, wa tepi yaitali yopukusa.

“Mamita 88,” anatero mayiyo.

“Tepi yanuyo ndi ya feki, mayi,” anatero Bambo Pemphani. “Bwalo ili ndaliyeza ine musanabadwe. Werengani nokha.”

Anavula chipewa, naima pamango, n'kuyamba kuyenda. Tonse tinawerenga mokweza. Ndinkaona mmene bondo lakumanzere linkakanira, mmene phazi linkatera pafupi ndi linzake, ndipo mtima unandiwawa. Anafika pagolo pa 105 ndendende, natembenuka monyadira. Panalibe woseka, ngakhale Kings, goloboyi wathu amene amaseka ndi pamaliro pomwe.

Amene anayankhula ndi akazi a Bambo Pemphani, Mayi Betty, amene amagulitsa mandasi kuseri kwa golo lomwelo.

“Bambo a Tadala, tepi ilibe mlandu. Mwakalamba. Ine chaka chilichonse ndimasendeza benchi kutsatira golo lanu, mumayesa ndimakutsatani chifukwa cha chikondi?”

“Ndiye bwanji osanena?”

“Malo amangowonjezeka, ndinene chiyani? Kumbuyoku tadzalako ndi chimanga.”

Apo ndiye tinaseka mpaka kugwira m'mimba, Monalisa yemwe. Mankhwala athu onse aja anali bondo la mdala.

Loweruka lotsatira tinazula chimanga, amayi anabweza mabenchi akutinyoza, ndipo pamene tepi inathera, khasu linagunda chitsa cha golo la 1996. Pemphani wa nthawi imeneyo sananame: mamita 105 osachotsera. Mdala anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anachinyamula kupita nacho kwawo.

Bwalo analivomereza. Masewero oyamba pakhomo tinagonja 4-0, anyamata atatulutsa malilime chigawo choyamba chisanathe, poti mtunda wotere anali asanauthamangepo.

Komiti inafuna kupereka ntchito ya laimu kwa munthu wina, koma masapota tinakana. Tinawagulira Bambo Pemphani tepi yopukusa, ndipo amaigwiritsa ntchito mokwiya. Mwezi watha ndinawapeza atamaliza kuthira mzere, akuyenda m'mbali mwake milomo ikugwedera. Atafika pagolo ndinawafunsa kuti akwana angati.

“126,” anatero motsitsa mawu, akupukusa tepi yawo. “Koma usakawauze amayi ako a Betty aja.”