Mwana Amene Ndinabereka M'minibasi ya ku Chowa

Abale anga owerenga, sabata ino ndinabereka mwana kumbuyo, pa msinkhu wanga uno. Musathamangire kugula matewera, mverani kaye.

Amuna anga, ba Tembo, impso zawo zinatopa. Achipatala anawaika kapaipi pamimba. Timalowetsa madzi a mankhwala m'mimbamo, amakoka zoipa za m'thupi, kenako amatulukira m'thumba la pulasitiki. Ambuye adalitse amene anaganiza nzeru imeneyi. Namwino anatilangiza kuti madzi otulukawo azikhala oyera mbee. Akangochita mbuu, tizithamanga nalo thumbalo kuchipatala.

Lachiwiri m'mawa madziwo anatuluka ngati otsukira mpunga.

"Atate a Mapalo, m'mimba muli bwanji?"

"Bwino chabe. Katayeni uko, ni tiyi wa mkaka wa dzulo uyo."

Tiyi! Kodi tiyi amadzera njira iti kuti afike m'thumba?

Ndinadziwa chimene ankaopa. Majeremusi akakhazikika m'mimba, kapaipi kamachotsedwa, ndiye kuti aziyendera makina otsuka magazi, kusiya kashedi kawo kokonzerapo njinga. Anakana kunyamuka. Ine ndinati khalani, thumba lipita ndi ine.

Koma manje, mkazi wolangizidwa angayende m'komboni mwathu mwa Chowa, muno m'Kabwe, madzi a m'thupi la mwamuna wake ali poyera? Kwathu ku Petauke n'zolaula zimenezo. Ndiye ndinalikulunga m'thaulo, kuliponya kumsana, chitenge nji! Linali lofunda ngati khanda lenileni.

"Amai a mwana bwerani ku front, musamupane baby!" anakuwa kondakita nditafika pokwerera minibasi.

Ndinakhala bwino, kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga. Pambali panga, tsoka ilo, amai Mwape a m'gulu lathu la mapemphero.

"Awe mwandi, mdzukulu? Osatiuza! Timuoneko."

"Wagona," ndinatero. Ambuye andikhululukire.

Minibasi inagwera m'dzenje, mwana uja n'kuti khuvuu kumsana kwanga.

"Imwe, m'mimba mwa mwana muli madzi!" anatero amai Mwape. "Tiyeni tipemphere."

Basi yonse inatsinzina, ndikhulupirira kupatula dalaivala. Anapempherera mimba yodwala kuti ichire. Ine ndinayankha Ameni wamphamvu, pakuti Mulungu ankadziwa mwini wake wa mimbayo.

Kuchipatala namwino anaseka mpaka kugwira tebulo pamene ndinkatsitsa mwana wanga. Kenako anandifotokozera. Akuti thupi likayamba kumenyana ndi majeremusi, limataya tizizindikiro m'madzi aja, tosaoneka ndi maso, mwina mimba isanayambe n'kupweteka komwe. Anadonthezera madziwo pa kamtengo konga kaja koyezera pathupi. Panatuluka mizere.

"Sisita, ba Tembo ali ndi pakati?"

"Iyayi mami, matenda alowa. Koma mwabwera msanga. Aitaneni manje manje."

Madzi otsala anawatumiza kokapimidwa kuti adziwe mtundu wa majeremusi. Ba Tembo anafika pa takisi atagwira pamimba, nkhope ngati adya mango osapsa. Ati kupweteka kunayamba dzulo lake. Mankhwala anayamba kuwaika m'matumba momwemo, ndipo lero madzi ayamba kuyera. Kapaipi sikachotsedwa. Ndikuyamika Mulungu, ndikuyamikanso anthu ophunzira amene anapeza kuti madzi otayidwa amalankhula.

Manje ndikambe ndi inu azibambo a m'Kabwe. Njinga ikangolira pang'ono mumatsika, kuigwadira, kuimvetsera ngati ikuulula machimo. Thupi lanu likalira mumati ni mphepo. Munthu akutsimphina kuchokera ku Ngungu mpaka m'tauni, ukamufunsa akuti nsapato ndiyo yavuta. Akafika pamaso pa dokotala, wasamba, wavala jekete, akumwetulira ngati wabwera kudzafunsira mkazi. Dokotala adziwa bwanji? Akuluakulu anati mwana wosalira amafera kumsana.

Nafenso azimai tili nazo. Manyazi athu amaphimba zinthu zofunika kuonedwa, ndipo si tonse amene tidzapeze mpando wa kutsogolo chifukwa cha manyaziwo.

Ba Tembo anapulumuka chifukwa mimba yawo ili ndi pakamwa pena, pomwe sangathe kutseka. Nanga inu atate, amene mukuwerenga uku dzanja lina lili pachiuno, mulibe thumba lokunenerani. Mudikira kuti anene ndani?