Nsapato Zimene Zinandikwana

Ndikukumbukira nsapato zija mpaka lero, zakuda, za kalamba pamwamba, zonunkhira kusitolo. Cholakwika chake chinali chakuti zinandikwana. Zinandikwana ndendende, pamene ine sindinauzepo munthu nambala ya phazi langa, ndipo sindinkaidziwa n'komwe. Kwathu mwana amamugulira nsapato yaikulu kuti akuliremo. Munthu akakugulira yokukwana, ndiye kuti wakhala akukuyang'ana mapazi kwa nthawi yaitali. Izi ndikuzidziwa lero. Tsiku limenelo ndinangovina.

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bambo anga anali atamwalira kwathu ku Ntcheu, ndiye azakhali anga, amene ankaphikira alendo panyumba ina ya mpingo ku Kasarani, mumzinda wa Nairobi, ananditenga kuti mayi apepukidweko. Tinkagona m'kachipinda kakuseri. Kunkazizira, abale, kuzizira kolowa m'mano, ndipo m'mawa chinkandidzutsa si tambala ayi, koma mahutala a matatu, maminibasi a kuno, ndi anyamata okuwira anthu pamsewu wa Thika. Ndinkapita kusukulu ndi masilipasi. Chiswahili ndinkachitola pogula sukuma, ndiwo zamasamba za kuno, ndi makala, Chingerezi changa chinali cha sitandade faifi, chothyokathyoka.

Kuseri kwa mpanda wathu wa maluwa aminga kunkakhala mayi wina wamng'ono thupi, wa tsitsi lakuda lofika m'chiuno. Poyamba ndinkati ndi Mtchaina. Azakhali anandidzudzula, amvekere ameneyo ndi Mfilipino, ine n'kumva ngati akunena Afilipi aja timawamva kutchalitchi. Ndiye kwa miyezi ndithu ndinkamupatsa ulemu wapadera, poganiza kuti makolo ake anaonana ndi atumwi maso ndi maso. Dzina lake linali Luzi. Ndinaseka nditalimva, chifukwa kwathu luzi timamangira nkhuni. Nditamufotokozera ndi manja, nayenso anaseka mpaka kugwira mpanda, minga n'kumubaya.

Ndinali mwana wosuzumira. Pampanda paja panali kampata, ndipo ine ndinkakhala pamenepo ngati ndalembedwa ntchito. Ndinkafuna kudziwa chifukwa chimene Anti Luzi ankadyera mpunga m'mawa, masana ndi madzulo osatopa nawo. Chifukwa chimene ankathira viniga m'ndiwo zonse, fungo lake lowawasa n'kumadutsa mpanda kudzatipeza. Chifukwa chimene ankaloza zinthu ndi milomo, osati chala. Koma chimene chinkandizunguza mutu kwambiri chinali mzungu wokalamba wa m'nyumbamo. Anali wamtali, wowerama, wa mawangamawanga m'manja ngati nthochi yakupsa, ndipo ankayang'anira makina pafakitale ina ku Athi River. Anthu a kuno ankangomuti Mzee, kutanthauza nkhalamba m'Chiswahili. Anti Luzi ankamuitana kuti Dadi. Ankamuwengera zikhadabo pakhonde, kumuthira mankhwala m'maso, kumukalipira akaiwala juzi.

Tsiku lina ndinafunsa azakhali ngati amenewo anali abambo awo a Anti Luzi. Azakhali, ali kalikiliki kukanda ufa wa chapati, anangoti, "Eya, ndi abambo akunyumba kwawo." Inu mukudziwa mmene mawu amenewa alili m'chinenero chathu. Wokubereka ndi abambo, wokukwatira ndi abambonso. Azakhali ananena china, ine ndinamva china, ndipo palibe ananama. Ndinangodabwa kuti mwana sanafanane ndi bambo ake ngakhale khutu, koma ndinati mwina anatengera kuchikazi. Ndipo ndinkachita nsanje. Ndinkati taonani munthu wamkulu chonchi akadali ndi bambo ake, ine anga ali m'dothi.

Amalawi a kuno tinkakumana Lamlungu lina pamwezi tikaweruka kutchalitchi: ogwira ntchito m'mabungwe, abusa, ana asukulu zaukachenjede. Kunkakhala Chichewa chokhachokha, kuseka, kufunsana amene akupita kumudzi kuti atitengereko katundu. Kumeneko n'kumene kunali a Mbewe, bambo a imvi, a mimba, a galimoto ya bungwe, amene akazi awo anali atamwalira. Akandiona ankakuwa, "Akazi anga! Mwaswera bwanji akazi anga? Mundiphikira liti?" Anthu n'kuseka, ine n'kubisala kumbuyo kwa azakhali. Palibe ankaona chachilendo. Kwathu agogo amaseka choncho ndi adzukulu awo, ndipo agogo anga enieni ankanditero ndili wamng'ono.

Kenaka kunayamba kubwera shuga. Mafuta ophikira. Kutiperekeza pagalimoto mpaka pageti. Ndiyeno nsapato zija, m'bokosi lake, ndi mapepala ofewa m'kati.

Madzulo ake azakhali anandikhazika pabedi, akundipesa tsitsi, osandiyang'ana kumaso. "Enelesi, ukuwaona a Luzi? Amasowa chiyani? Nawenso ukhoza kupeza abambo okusunga, kukulipirira sukulu mpaka sekondale. A Mbewe akukufunira zabwino." Mtima wanga unadumpha. Bambo! Wa galimoto! Ndinagona nsapato zili kumutu.

Kutacha, nditaweruka kusukulu, ndinazivala n'kudzipanikiza pakampata kaja. Anti Luzi ndinawapeza kukhitchini akukazinga tinsomba touma tonga usipa, utsi uli tolo. Ndinaponda pansi mwamphamvu kuti amve kulira kwa nsapato, n'kuwauza m'Chingerezi changa chija kuti nanenso ndikhala ndi Dadi ngati iwo.

Anaseka kaye. Kenaka anafunsa kuti Dadi wake uti. Ndinafotokoza zonse, za shuga, za galimoto, za imvi, ngakhale dzina lija ankandiitana kutchalitchi, ndinalimasulira bwinobwino monyadira. Anazimitsa chitofu nsomba zisanapse. Anandigwira dzanja, dzanja lawo lili zii, n'kupita nane pabalaza pamene panapachikidwa chithunzi chachikulu. Ndinali nditachionapo kangapo: Anti Luzi m'diresi loyera, Mzee pambali atavala suti. Masiku onsewo ndinkadzifunsa kuti bambo aperekeza mwana wawo ku ukwati, chabwino, nanga mkwati anajambulidwa kuti?

"Mkwati ndi ameneyo," anatero.

Ndinayang'ana chithunzi, ndinayang'ana iwo, ndinayang'ananso chithunzi. Chimene ndinafunsa, ndikuchita nacho manyazi pang'ono, chinali chakuti, "Ndiye mano aja amaika m'kapu, munawadziwa musanakwatiwe?" Anaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo sinasiye pamene kuseka kunatha.

Anandikhazika pampando wofewa n'kundiuza pang'onopang'ono, Chingerezi apa, Chiswahili apo, manja pothandizira. Kwawo ndi pachilumba. Bambo awo enieni anali msodzi. Chaka china mphepo yamkuntho inasasula denga n'kuphwanya bwato, ndipo iwo, monga woyamba kubadwa, anapita kutauni kukachapa zovala pahotela. Kumeneko n'kumene anakumana ndi Mzee, atabwera kudzaika makina pafakitale. Ndi wamkulu kuposa mayi awo owabereka. Tsiku la ukwati anthu ankanong'onezana, ena kuwanena kuti akwatiwa ndi chikwama, omwewo n'kubwera mawa lake kudzapempha thandizo. Lero kwawo kuli nyumba ya malata, ang'ono awo ali pasukulu, mmodzi akuphunzira unamwino. Anati atsikana ambiri a kwawo anapita choncho, ena anapeza amuna abwino, ena anakapezeka atsekeredwa m'nyumba kudziko lozizira, opanda wolankhula naye.

Ine, mwana wosadziwa malire, ndinafunsa ngati amamukonda. Anayang'ana mapazi anga. Anati Mzee sanawamenyepo, amawaseketsa, iye akadwala iwo sagona. Anati masiku ena ndi chikondi, masiku ena ndi ntchito, ndipo anasiya kusiyanitsa. Anati ankafuna mwana, koma Mzee anati ake anakula kale, safunanso phokoso.

"Koma tamvera, Enelesi. Ine ndinali wamkulu. Ndinadziwa chimene ndikupereka ndi chimene ndikulandira, ndinavomera ndi pakamwa panga. Iwe ukuyesa ukukapeza bambo. Vula."

Ndinakana. Ndinalira. Anagwada pansi n'kumasula okha timalamba tija.

Anazungulira kugeti, osadzera pampanda, nsapato zili m'manja, ine pambuyo wopanda kanthu kuphazi. Azakhali anali kuseri akutsuka mapoto. Mkangano wake unali wa zinenero zitatu, ndipo Chichewa chinkatuluka azakhali akapsa mtima. Amvekere, "Inu mumadya nyama tsiku lililonse, mukudziwa chiyani za ife? Munthuyo sananene za lero. Anati akakula. N'kungotomera chabe!" Anti Luzi anayankha kuti njala akuidziwa bwino, ndi imene inawafikitsa ku Kasarani. Kenaka anafunsa funso limodzi lokha: ngati nkhaniyo ili yabwino, bwanji mwanayu sakuidziwa? Mwamuuza kuti abambo amenewa ndi abambo ati?

 Madzi ankangodontha m'manja mwa azakhali.

Nthawi yomweyo kuseri kwa mpanda kunamveka mawu onjenjemera, Mzee akuitana, akufuna magalasi ake. Tinkamuona pakampata paja akufufuza patebulo, magalasiwo ali pamphumi pake. Anti Luzi anapuma mozama, anaika nsapato pamwala wotsukirapo, n'kuyankha ndi mawu okoma, "Ndikubwera, Dadi." Azakhali anawayang'ana akupita, kamayi kakang'ono ka tsitsi lalitali kakuthamangira nkhalamba. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anandiyang'ana ine, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akundiona koyamba.

Lamlungu la msonkhano litafika, anakulunga bokosi lija m'chitenje. A Mbewe atangoyamba kuti "Akazi anga," azakhali anagwada mwaulemu wonse pamaso pa amayi a mpingo, n'kupereka bokosi ndi manja awiri. "Pepani a Mbewe, nsapatozi zamuthina mdzukulu wanu." Ine ndinatsegula pakamwa kuti nditsutse, chifukwa sizinkandithina ngakhale pang'ono, koma ananditsina pantchafu. Mmodzi mwa amayi aja anati, "Ana amakula msanga masiku ano," wina n'kuseka chamumtima. A Mbewe anamva. Sanandiitanenso dzina lija, ndipo galimoto sinaimenso pageti pathu.

Sindinama kuti zonse zinayenda bwino. Shuga anatha. Sekondale sindinaione, ndinalekezera pulayimale. Nditakula ndinakasoka makolala a malaya kufakitale ku Athi River, msana kuwawa, maso kuwawa. Kwa zaka ndithu ndinkawakwiyira Anti Luzi chifukwa cha nsapato zija. Pamene nzeru zinkandibwerera n'kuti atasamuka. Mzee anadwala, anapita naye kwawo kwa mwamunayo, ndipo sindidziwa ngati anabwerera kuchilumba chawo, kapena ngati anapeza mwana ankamufuna uja. Ndimadzifunsabe. Nditakumana nawo ndingawafunse zambiri, mwinanso zopanda ulemu ngati kale.

Lero ndili pabanja ndi mnyamata wa kwathu konkuno, woyendetsa lole ku Industrial Area, wondiposa zaka zochepa, mano ake onse ndi akeake. Tili ndi ana awiri, Takondwa ndi mlongo wake Yamiko. Zinthu zasintha. Kale nkhalamba inkayenera kubwera yokha ndi shuga pageti, aliyense n'kuiona. Lero ndikadutsa pa tizipinda ta makompyuta ndimaona atsikana atadzipaka milomo, akulemberana ndi azibambo a kutali amene sanawaonepo, ena akulandira mafoni kwa anthu a msinkhu wa agogo awo. Sindiwaweruza, njala ndikuidziwa. Wamkulu asankhe yekha, maso ali tseguke. Koma mwana ayi. Ndimaopa, abale, ndimaopa mpaka bambo a Takondwa amati ndili ngati nkhuku ya anapiye, khwangwala asanaoneke ine ndayamba kale kukuwa.

Mwezi wathawu, pamsonkhano womwe uja wa Amalawi, bambo ena achikulire anamugwira dzanja Takondwa, mwana wa sitandade wani, amvekere, "Akazi anga awa! Taonani masilipasi atha, ndikugulirani nsapato." Anthu anaseka. Mwina analibe nazo kanthu, mwina ndi nthabwala ya kwathu basi. Koma ine ndinamva fungo la viniga pamene panalibe viniga. Ndinaimirira, ndinamukoka mwana wanga, ndinagwada monga anachitira azakhali, n'kunena kuti: "Pepani agogo, ameneyu ndi mdzukulu wanu. Nsapato agula bambo ake." Ena anati ndachita mwano. Anene.

Titafika kunyumba ndinawakhazika onse awiri pabedi, ndipo ndinawayang'ana kumaso. Ndinawauza kuti abambo awo ndi amodzi, a lole aja. Kuti munthu wamkulu akawaitana dzina la m'banja, ngakhale moseka, adzandiuze tsiku lomwelo. Kuti chilichonse chopatsidwa chizifika kaye m'manja mwanga. M'mawa mwake ndinadula kaulusi, ndinayeza phazi la Takondwa ndekha, ndinakwera matatu kupita kumsika wa kaunjika. Ndinasankha zakuda, za kalamba pamwamba, zopitirira kaulusi kaja ndi chala chathunthu. Kutsogolo ndinafwatikamo nyuzipepala.

Akamayenda zimalira khwapu, khwapu, ndipo amadandaula kuti zikumukulira. Ndimamuuza kuti akuliramo.