Mawu a Amayi M'chimbale

Dzulo ndikudutsa pa dimba lina kwathu ku Mitundu, ndinaona chimbale chakale atachimangirira pa ulusi kuti chiziopseza mbalame. Ndinaima n'kuchiyang'anitsitsa.

Amayi anamwalira ndili wamng'ono, koma mawu awo anatsala m'chimbale chimene kwaya ya kutchalitchi kwathu inajambula. Pakhomo panalibe wailesi yoimbira zimbale, choncho tsiku lina amalume anandikweza panjinga mpaka ku Nathenje, kwa bambo wina wokopera anthu nyimbo.

M'kachipinda kake munkanunkha fumbi ndi mawaya otentha. Kompyuta yake inali yokalamba, yosaonetsa chithunzi chilichonse, galasi lili bii. Analowetsa chimbale chija, n'kulemba timawu toyera pagalasipo, n'kudina batani. Pompo amayi anayamba kuimba. Ndinamva mpaka kupuma kwawo.

Ine ndinangoti basi, bamboyu wawalembera uthenga ndipo ayankha.

"Bambo, lembaninso," ndinatero nditagwira malaya ake. "Muwauze kuti ndinasiya kuvuta posamba, abwere."

Bamboyo anayang'ana amalume. Amalume anayang'ana kunja. Kenaka bamboyo analembadi, pang'onopang'ono, ndipo nyimbo yomwe ija inayambiranso.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Amva, mwanawe," anatero bamboyo.

Dzinja lonse ndinkasamba ndekha osauzidwa, n'kukakhala m'mbali mwa msewu kudikira.

Lero ndimagwira ntchito ya makompyuta, ndipo timawu tija ndimatidziwa: tinkangouza makinawo kuti azungulitse chimbale. Komabe galasi lakuda likayaka, zala zanga zimayamba zaima kaye, ngati kuseri kwake kuli munthu woti andiyankhe.