Ndinkadya Koma Ndikutha

Chizindikiro choyamba ndinachiona mu Juni 2003. Anthu onse kwathu ku Khuyu, pachilumba pano, ankafunda mabulangete chifukwa cha mphepo ya mwera, ine thukuta lili kamukamu. Kenako manja anayamba kunjenjemera, moti posenda chinangwa ndinkadzicheka. Mtima unkagunda ngati ndathamanga, chonsecho ndangokhala. Kudya ndinkadya kwambiri, koma thupi linkangotha.

Amuna anga anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, komwe anakhala zaka zisanu. Masiku amenewo munthu akamaonda, anthu sankafunsa, ankangoyang'anizana. Inenso sindinafunse. Amuna angawo ndinawaloza chala pamaso pa abale awo kuti andibweretsera kachilombo. Ukali wanga unkandidabwitsa ndi ine ndemwe.  Iwo anapinda mphasa n'kukakhala kwa achemwali awo ku Yofu, ndipo ankhoswe anapangana zodzakumana kumapeto kwa Okutobala kuti ukwati uthe.

Mantha anandisunga pakhomo miyezi itatu. Mu Seputembala ndinagwa ndikusinja, anthu n'kundinyamula kupita nane kuchipatala cha pachilumba pano. Atayeza magazi, kachilombo sikanapezeke. Adokotala anati nditambasule manja, anaikapo pepala, pepalalo n'kumagwedezeka. Kenako anandigwira pakhosi kuti ndimeze malovu.

“Mayi, ichi ndi chithokomiro,” anatero. “Ubongo ndi umene umachituma kuti chithire timadzi tina m'magazi, pang'ono chabe. Chanuchi chasiya kumvera, chikungothira. Timadzito ndi timene tikuthamangitsa mtima, kunjenjemeretsa manja, ngakhalenso kukupsetsani mtima.”

Manyazi anandigwira kuposa mantha.

Ananditumiza kuchipatala chachikulu ku Mzuzu. Sitima ndinaidikira masiku asanu ndi limodzi. Kumeneko m'mawa uliwonse ankandiyeza kugunda kwa mtima n'kundikweza pasikelo, kenako ndinkakhala pabenchi kudikira zotsatira, ndikuwerenga masiku a ankhoswe aja. Anandipatsa mapiritsi akumwa tsiku lililonse.

Ndinatsika sitima kutatsala masiku awiri kuti ankhoswe akumane. Sindinadzere kunyumba. Ndinayenda mpaka ku Yofu, pepala lakuchipatala lili m'manja, n'kukagwada pomwe amuna anga ankasoka ukonde. Analiwerenga kawiri, n'kundibwezera, n'kupitiriza kusoka. Ankhoswe sanakumane, koma amuna angawo anabwerera kunyumba mu Epulo.

Lero, mu 2008, thupi linabwerera ndipo ndimalowetsa ndekha ulusi pasingano. Mukaona thupi likusintha, thamangirani kuchipatala musanatchule dzina la munthu. Mapiritsi anakhazika mtima wanga m'milungu isanu ndi umodzi, koma achemwali a amuna anga aja mpaka lero sayankha moni wanga.