Kamba wa Jamila ndi Dailes

Habiba anabadwira m'mudzi wa asodzi kufupi ndi Senga Bay, ndipo sanapondepo m'kalasi. Makolo ake ankati sukulu ndi msampha: mwana amapita ali Msilamu, pobwera atadya nkhumba, dzina litasintha. Iye anakula akuyanika usipa pathandala ndi kupeta mpunga, kenaka anakwatiwa ndi a Ramadhani, msodzi wofatsa amene ankathawa mkangano ngati moto.

Mwana wawo Jamila atafika msinkhu, Habiba anati apite kusukulu. Mlongo wake, a Abbas, amene monga malume anali ndi mawu pa mwanayo, anakanitsitsa. Sukuluyo inali kumtunda, patali ndithu, ndipo ana ankabwerako dzuwa litapendeka. Anafunsa kuti ndani angadziwe chimene mwana angaike m'kamwa njala ikamugwira.

"Achimwene," anatero Habiba, "mwanayu sadzadya kanthu kosachokera m'manja mwanga. Mukadzamva kuti wadya kwa eni ake, mudzamuchotse nokha."

A Abbas analola monyinyirika, ndipo kuyambira pamenepo kamba wa Jamila anakhala ntchito yoyamba ya Habiba akatha kupemphera swala ya m'mawa. Panalibe amene anamuphunzitsa. Ankangoyang'ana mwana wake. Anaona kuti chinangwa chokha chimamugonetsa m'kalasi, choncho ankaikapo usipa wokazinga kapena mtedza. Nthochi zikapsa ankaphika chigumu. Nyengo ya mango ankasankha osaphwanyika, ndipo kukatentha ankathira thobwa m'botolo, kutseka ndi chitsononkho. Zitumbuwa za pamsika ankazikana, ati mafuta ake sakuwadziwa. Ngakhale mwezi wa Ramazani, iye akusala kudya, ankaphikabe osalawa, mchere n'kumangoyesa ndi maso.

Jamila ali Sitandade 3, Habiba anadabwa. Kambale kankabwera kopanda ndi nyenyeswa yomwe, koma mwanayo ankafika milomo itauma, n'kugwera mkute ngati sanadye chichokere. Atamupanikiza, Jamila analira n'kuulula kuti amagawana ndi mnzake wa pabenchi limodzi, Dailes. Makolo a Dailes anali a Mboni za Yehova. Bambo ake, a Yakobo, anakana kugula khadi la chipani, ndiye anawaletsa kugaitsa kuchigayo, ndipo pamsika sankawalola kugula kapena kugulitsa. Dailes ankabwera kusukulu m'mimba muli gwa, n'kumakhala kuseri kwa kalasi anzake akamadya.

Habiba anakalipa madzulo amenewo, ati iye sadzukira m'mamawa kuti adyetse mudzi wonse. Koma m'mawa mwake, akukulunga mbatata, anafunsa osatembenuka ngati mnzakeyo amadya usipa. Jamila anati amadya ndi mitu yomwe.

A Ramadhani atamva anachita mantha. Achinyamata a chipani ankafika ndi pagombe pomwe kudzafunsa makhadi, ndipo munthu wogwirizana ndi a Mboni ankayesedwa mdani.

"Amake Jamila, mudzatiotchetsa ngalawa," anatero chapansipansi.

Habiba anangosiya kambale kaja n'kupeza chitini chachikulu, kuti aliyense woona aziti n'chakudya cha mwana mmodzi. Anzake a Jamila anayamba kumuseka kuti ndi wadyera, iye n'kumangopirira. Habiba ndi amake Dailes sanaonanepo. Tsiku lina lokha chitini chinabwera chotsukidwa bwino ndi phulusa, m'kati muli magwafa, ndipo Habiba anadziwa kuti wotsukayo sanali mwana.

M'chilimwe cha 1972 zinthu zinafika poipa. Jamila anabwera masana chitini chili chodzaza, botolo losatsekula. Anati Dailes sanabwere, ndipo kusukulu kukumveka kuti a Mboni onse awauza kuti achoke m'midzi. Habiba anaganiza za ulendo wapansi m'dzuwa limenelo, ndi ana. M'mawa mwake anaphika chigumu chachikulu, anakazinga usipa ndi mtedza, zinthu zosachedwa kuphika komanso zosavunda msanga, n'kuika m'dengu. Anauza amuna ake kuti akukagulitsa nsomba kumtunda.

Njira anachita kufunsa, pakuti kwa a Yakobo anali asanafikeko. Anapeza denga litapsa, nkhokwe itagwetsedwa, mbuzi za eni zikudya chimanga. Mayi wina amene ankasesa pakhomo loyandikana anamuuza, maso ali pansi, kuti a Yakobo ndi banja lawo anyamuka dzulo kulowera kumadzulo, ndipo ndi bwino iyenso asachedwe pamenepo.

Pobwerera anakumana ndi achinyamata aja pamphambano. Anamasula mfundo ya chitenje n'kuwaonetsa khadi lake. Iwo anavundukula dengu, nagawana chigumu chija ali chiimire, mmodzi n'kumuyamikira kuti mayi amadziwa kuphika. Habiba anati zikomo. Anayenda mpaka anabisika kuseri kwa mlambe. Anakhala pansi n'kulira chamumtima, kuopa kuti odutsa angamufunse chimene chamuliza.

Kwa masabata angapo Jamila ankabweza chakudya atangochinyomola. Habiba sanamukalipire. Anabwerera ku kambale kakang'ono kaja, n'kumaikamo zimene mwanayo ankakonda kwambiri, mpaka pang'onopang'ono anayambanso kudya. Nkhani inawafika a Abbas, ndipo Habiba anayembekeza kuti mwana achotsedwa sukulu. Koma iwo anangoti kudyetsa wanjala ndi sadaka, kungoti Habibayo kumudzi kuja asadzapitenso.

Jamila anamaliza Sitandade 8. Ku sekondale sanasankhidwe, ndipo anakwatiwa ndi telala wa ku Salima boma. Habiba anapitiriza kuyanika usipa, ndipo kwa zaka zambiri ankafunsa mochenjera ogula nsomba ochokera ku Lilongwe ndi ku Mchinji za anthu aja anathawa. Ena ankati ali kumsasa ku Zambia kumene matenda otsegula m'mimba anatha ana, ena ankati anawolokera ku Mozambique. Dzina la Dailes panalibe amene analimvapo. Choipa n'choti Habiba sankatha ngakhale kulongosola nkhope yake, chifukwa anangomuonapo kamodzi, patali, akuthamanga ndi Jamila.

Habiba anamwalira ndi chifuwa a Mboni asanaloledwe kubwerera. A Mboniwo atayamba kubwera, Jamila, amene tsopano anali ndi ana akeake a sukulu, anaona nkhalamba ina pa depoti itakhalira kathumba, ndipo anazindikira kuti ndi a Yakobo. Anagwada n'kuwapatsa moni, nadzitchula dzina. Iwo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati ali mwana wa mayi wa usipa uja. Jamila anavomera, n'kuwauza kuti mayiwo kulibe. Ndipo anafunsa za Dailes.

"Tinamusiya ku Zambia, mwanawe," anatero a Yakobo. "Mvula yoyamba ija sanaimalize."

Basi yawo inafika, ndipo Jamila anawanyamulira kathumba mpaka pakhomo la basiyo.